Musandibisire: zomwe zinakudzidzimutsani ku leba koma zili zabwinobwino

Woyembekezera Koyamba:
Amayi anzanga mwaswera bwanji. Ndili ndi mimba ya masabata 36, yoyamba, ndipo tulo takana chifukwa cha maganizo. Aliyense ndikamufunsa kuti kodi ku leba kumakhala bwanji amangoti "ukakaonera komweko" kapena "zimapweteka koma umaiwala", basi nkhani yathera pomwepo. Ine za ululu ndavomereza kale, chomwe ndikuopa ndi kukakumana ndi zinthu zoti sindinazimvepo n'kumaganiza kuti ndikufa kapena mwana wavulala pomwe ndi mmene zimakhalira. Dzulo mnzanga wandinong'oneza kuti munthu amatha kuchita chimbudzi pobereka, nde mutu wanga waima. Chonde ndiuzeni zenizeni, zomwe zinakudzidzimutsani inuyo kenako n'kuuzidwa kuti palibe vuto. Musandibisire.

Make Atatu:
Achemwali mnzanuyo sananame. Ine pa ana atatu zinandichitikira kawiri. Ulendo woyamba ndinalira ndi manyazi mpaka ndinasiya kupusha, ndimafinya miyendo kuti ndibise, nde anesi anandigwira paphewa n'kunena kuti mayi musasamale zimenezo, chilimikani, mwana ali pafupi. Anangopukuta mwakachetechete osanenapo kanthu. Mpaka lero ndimadandaula kuti bwenzi wina atandiuza kale sindikanataya mphamvu zanga polimbana ndi manyazi nthawi yomwe mwana amafuna mphamvuzo.

Mzamba Wopuma:
Mwana wanga wafunsa bwino kwambiri. Ndagwira ntchito ku leba zaka zambiri, ndiye ndiyambe ndi yachimbudziyi chifukwa ndi imene atsikana ambiri amaopa kuposa ululu. Mutu wa mwana ukamatsika umadutsa moyandikana ndi thumbo lotulukira chimbudzi ndipo umalifinya, komanso minofu yomwe umachimira pobereka ndi yomweyo yomwe umachimira kuchimbudzi. Ndiye ife tikaona zimenezo timadziwa kuti mayi akukankhira malo oyenera. Kale anthu ankawatsuka m'mimba asanabereke koma pano bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kusachita zimenezo mwachizolowezi chifukwa sizithandiza chilichonse, chimodzimodzi kumeta tsitsi la kumusi. Ndipo ukamva ngati chimbudzi chachikulu chakugwira mwamphamvu uli mkati mwa matenda, usathamangire kuchimbudzi wekha, itana anesi akuone kaye, nthawi zambiri amakhala mwana ameneyo.

Woyembekezera Koyamba:
Zikomo amayi, mtima wayamba kutsika. Pitirizani chonde, ndikulemba m'kope.

Make Mapasa:
Ine chinandiopsa ndi kunjenjemera. Osati kozizidwa ayi, thupi lonse kugwedezeka mano kugundana bedi mpaka kumalira, ana atatuluka kale. Ndimafuna kuwanyamula koma manja osagwira, ndinayamba kupemphera ndimaona ngati ndi mathero anga. Anandifunditsa bulangete n'kundiyeza kutentha kwa thupi ndi BP, zonse zili bwino, patapita mwina ola limodzi kunasiya kokha.

Osatchula Dzina:
Inenso kunjenjemera eee, koma ine kunayamba mwana asanatuluke, pamodzi ndi kusanza. Ndinasanza katatu ndipo ndimangopepesa kwa anesi.

Mzamba Wopuma:
Zonsezo timaziona tsiku ndi tsiku. Kunjenjemera kumabwera chifukwa cha kusintha kwa mahomoni (timadzi ta m'thupi tolamulira kagwiridwe ntchito ka ziwalo), kutopa kwa minofu, madzi a dripi akakhala ozizira, komanso jakisoni wa pamsana kwa amene alandira. Chomwe timayang'ana ife ndi chakuti kodi thupi latentha, chifukwa kunjenjemera kophatikiza ndi kutentha thupi ndi nkhani ina, kumeneko timafufuza matenda. Kusanza kumakonda kubwera njira ikamafika kumapeto kotseguka, m'mimba mumasiya kugaya zakudya chifukwa thupi lonse latembenukira ku ntchito imodzi. Palibe chopepesa pamenepo mwana wanga.

Mayi wa Kamtsikana:
Ndiyambire kumayambiriro ine. Tsiku lija amakulembera ku sikelo musaliwerengere kwambiri asisi. Ine linafika n'kudutsa, sabata yathunthu, mafoni osatha "kodi simunachirebe?" mpaka ndinathimitsa foni chifukwa ndimayamba kudziona ngati ndalephera penapake. Adokotala ndi amene anandikhazika mtima pansi, anati ana obadwa pa tsiku lenileni lolembedwalo ndi ochepa zedi, pafupifupi mmodzi pa 20 aliwonse, ndipo kuyambira masabata 37 mpaka 42 mimba imatengedwa kuti yakwana. Koma ananenetsa kuti ikadutsa masabata 41 usakhale pakhomo kumangodikira, ubwere tikuone. Wanga anabwera pa 41 ndendende.

Make Atatu:
Ndipo matenda onama aja musawaiwale. Mimba kulimba ngati mwala kenako kufewa, iwe kunyamula chikwama usiku, kukafika anesi n'kukuuza kuti njira sinatseguke olo pang'ono bwererani.

Mzamba Wopuma:
Amenewo m'mabuku amatchedwa Braxton Hicks, dzina la dokotala wa ku England yemwe anawafotokoza mu 1872. Chiberekero chimakhala chikuyeserera. Kusiyana kwake, onamawa sakhala ndi ndondomeko ndipo ukagona cham'mbali, kuyendayenda kapena kumwa madzi amatha kuleka. Enieni salekeza, amabwera pafupipafupi, amatalika ndiponso amanka nakulirakulira kaya ukhale pansi kaya uyime. Koma musachite manyazi kubwezedwa. Bola kubwera n'kubwezedwa kusiyana n'kuchedwa.

Woyembekezera Koyamba:
Nanga za nsengwa? Ine m'mutu mwanga ndimaona ngati madzi amangoti khuthu nthawi imodzi uli pagulu kenako mwana nthawi yomweyo.

Osatchula Dzina:
Ayi asisi si onse. Yanga sinasweke mpaka ndili pabedi njira itatseguka masentimita 8, anesi ndi amene anaiboola ndi kachitsulo kakang'ono ngati kambedza, sindinamve kupweteka ndinangomva madzi ofunda akuyenda.

Mayi wa Kamtsikana:
Yanga inali yodontha pang'onopang'ono, ndimaganiza kuti ndi mkodzo wandipulumuka chifukwa miyezi yomaliza zimenezo zimachitika ukatsokomola. Ndinasintha kabudula wamkati kanayi ndisanazindikire. Komanso masiku awiri m'mbuyo mwake kunatuluka zonanda ngati mamina zosakanikirana ndi timagazi, ndinachita mantha koopsa ndimaona ngati mimba ikuchoka.

Mzamba Wopuma:
Zonandazo ndi chotsekera cha pa khomo la chiberekero, chimateteza mwana ku tizilombo miyezi yonseyi, khomo likayamba kufewa chimachoka. Chikhoza kuchoka lero matenda n'kuyamba mawa kapena pakatha masiku angapo. Timagazi tochepa tosakanikirana ndi zonanda palibe vuto. Koma magazi ofiira oyenderera ngati msambo, amenewo musadikire kuti kuche. Za nsengwa, amayi ochepa okha, pafupifupi mmodzi pa 10, ndi omwe imasweka matenda asanayambe, ena onse imasweka ali mkati kale. Ikasweka valani padi muone mtundu wa madzi ndipo pitani kuchipatala ngakhale simukumva kupweteka. Madzi abwino amakhala oyera kapena otuwirako pang'ono. Akakhala obiriwira kapena abulauni ndiye kuti mwana wachita chimbudzi m'mimba, akakhala onunkha mwina mwalowa matenda, zonsezo muwauze anesi mukangofika osadikira kufunsidwa. Ndipo musadabwe kuti madziwo sakutha kutuluka, amapitiriza kudontha mpaka mwana abadwe.

Mayi Wosamala:
Pepani koma ine ndikuona ngati tikumuonjezera mantha mtsikanayu. Amayi athu anali ndi chifukwa chosanenera zonse. Munthu ali ndi masabata 36 tikumuuza za kusanza, kunjenjemera, magazi, akagona bwanji usiku uno? Zina ndi bwino kukaonera komweko.

Make Atatu:
Ayi amayi ndikukanirani mwaulemu. Kukaonera komweko ndi kumene kunandipangitsa ine kufinya miyendo mwana ali pakhomo. Mantha aakulu amabwera ukakumana ndi chinthu chachilendo uli wekha, thupi likupweteka, ulibe womufunsa. Iyeyu wapempha yekha kuti timuuze.

Woyembekezera Koyamba:
Amayi ndamva nkhawa yanu ndipo zikomo pondiganizira, koma zoona zake ndi zakuti chiyambireni kuwerenga mayankhowa ndikupuma bwino kusiyana ndi dzulo. Zomwe ndimadzipangira m'mutu ndekha zinali zoopsa kuposa izi.

Mayi Wosamala:
Chabwino ngati zili choncho nanenso ndinenepo yanga. Ine mimba sinandipweteke kwenikweni, unali msana. Ngati wina akuuthyola ndi nyundo, osalekeza ngakhale pakati pa matenda. Ndinakhala maola ambiri kunyumba ndikuganiza kuti ndangogona molakwika chifukwa ndimadikira kupweteka kwa kutsogolo komwe anthu amanena. Anadzandiuza kuti mwana anayang'ana kutsogolo, nkhongo yake ikutsamira msana wanga. Chinandithandiza ndi kugwada n'kugwira pansi ndi manja, wina n'kumandikanikiza m'chiuno mwamphamvu ndi chikhatho. Kugona chagada kunali kosatheka.

Mzamba Wopuma:
Mwachita bwino kunena. Ana ambiri otero amatembenuka okha matenda ali mkati. Ndipo pa za kagonedwe, mayi amene alibe vuto lililonse amaloledwa kuyendayenda, kugwada, kunjuta, kugona cham'mbali, kumwa madzi ndi kudya pang'ono, WHO imalimbikitsa zimenezi komanso kuti akhale ndi munthu yemwe wamusankha yekha pambali pake ngati malo alola. China chomwe oyamba amadabwa nacho ndi kutalika kwa nthawi. Njira imayenera kutseguka mpaka masentimita 10, koma kuchoka pa 0 kufika pa 5 kukhoza kutenga tsiku lathunthu kapena kuposera, makamaka mimba yoyamba. Munthu wapweteka usiku wonse n'kumuuza kuti muli pa 3, amagwa ulesi n'kuyamba kulira. Musataye mtima, gawo loyambalo khomo limakhala likufewa ndi kupyapyala kaye, kuyambira pa 5 zinthu zimafulumirako.

Make Mapasa:
Pali nthawi ina yake ija anesi, yomwe munthu umasintha kukhala wina. Ine ndine wofatsa koma ndinakuwa kuti ndisiyeni ndikupita kunyumba sindikufunanso, ndinavula zovala zonse chifukwa ndimamva kutentha, amuna anga atandigwira dzanja ndinawakankha. Pambuyo pake zinandipweteka mumtima kwa masiku ambiri kuti ndinachitiranji zimenezo.

Mzamba Wopuma:
Imeneyo ndi nthawi yomwe njira ili pa 8 kupita pa 10. Matenda amabwera motsatizana osakupatsa mpata wopuma, ndipo pafupifupi aliyense amanena mawu amodzimodzi, "sindingathe", "ndifa ine", "ingonding'ambani". Ife tikamva mawu amenewo timayamba kukonza zida chifukwa timadziwa kuti kwatsala pang'ono. Ndi gawo lowawa kwambiri koma ndi lalifupinso. Ndiye woyembekezerawe usunge mawu awa: pomwe udzamve kuti mphamvu zathera pomwepo, nthawi zambiri ndi pomwe wayandikira. Ndipo kuvula, kubuula mozama ngati si mawu ako, kusafuna kugwiridwa, kusafuna kuyankhulitsidwa, zonsezo ndi thupi likugwira ntchito, si khalidwe loipa.

Osatchula Dzina:
Koma anesi ndinene chilungamo, ine nditakuwa munthu amene amandithandiza anandikalipira mawu oipa kwambiri moti sindingawalembe pano, mpaka anandimenya pantchafu. Ndakhala zaka zinayi ndikuganiza kuti mwina ndi mmene zimakhalira ndipo ndinalakwa ndine.

Mzamba Wopuma:
Pepa kwambiri mwana wanga, zandikhudza. Ayi, zimenezo siziri m'gulu la zabwinobwino zomwe tikukamba pano. Kutukwanidwa, kumenyedwa, kuyezedwa kumusi osakuuza kaye, kukanikizidwa pamimba mwamphamvu kuti mwana atuluke msanga, palibe buku la uzamba lomwe limaphunzitsa zimenezo. Sunalakwe iwe. Mayi wobereka ali ndi ufulu wolemekezedwa ndi kufotokozeredwa chomwe akumuchita, ndipo kukadandaula kwa akuluakulu a chipatala ndi kololedwa.

Osatchula Dzina:
Zikomo amayi. Misozi ikutuluka, palibe anandiuzapo zimenezi.

Bambo wa Awiri:
Amayi ndikhululukireni kulowerera nkhani yanu, ndinali nawo pomwe akazi anga amabereka mwana wachiwiri ndipo ndikufuna abambo anzanga amve. Mwana atatuluka ine mtima unaima. Anali wotuwa, thupi lonse mafuta oyera ngati wapakidwa, mutu wautali wosongoka, manja ndi mapazi obiriwira, mchombo utazungulira pakhosi, ndipo sanalire nthawi yomweyo. Masekondi amenewo anali aatali kuposa chaka. Anesi anangolowetsa chala n'kuchotsa mchombo uja modekha, kumupukuta mwamphamvu ndi nsalu, kenako kulira kunamveka. Ndinafunsa kuti mutuwu ukhala choncho? Anati dikirani masiku awiri atatu. Ndipo zoona unabwerera.

Mzamba Wopuma:
Abambo mwafotokoza bwino zedi. Mafupa a mutu wa mwana sanalumikizane, amakwerana pang'ono kuti adutse m'njira, ndi chifukwa chake pali liwombo. Mafuta oyerawo amateteza khungu lake m'madzi muja, palibe chifukwa chothamangira kuwasambitsa, ndipo masiku ano timalangiza kudikira maola 24 asanasambe koyamba kuti asazizidwe. Mchombo pakhosi umapezeka mwa ana ambiri, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse, ndipo kawirikawiri suvuta chifukwa mwana akadali m'mimba sapuma ndi khosi, mpweya amalandira kudzera mumchombo momwemo. Mukadzaona anesi akuyang'ana wotchi n'kumatchula manambala, akuyeza mwana pa mphindi yoyamba ndi yachisanu: kapumidwe, kugunda kwa mtima, mtundu wa khungu, mphamvu za minofu ndi mmene akuyankhira akakhudzidwa. Muyezo umenewu anauyambitsa dokotala wachizimayi wa ku America, Virginia Apgar, mu 1952. Malikisi onse ndi 10 koma ana ambiri athanzi amapeza 8 kapena 9 chifukwa cha manja ndi mapazi aja, amachedwa kusintha mtundu. Komanso musadabwe akachedwerako kudula mchombo mphindi imodzi kapena zitatu, amachita dala kuti magazi apite kwa mwana.

Make Atatu:
Palibe watchula moto uja mutu ukamatuluka. Kumusi kumatentha ngati wina wayatsa moto mozungulira, kwa kanthawi kochepa, ndipo nthawi yomweyo ndi pomwe anesi amati siyani kupusha pumani mwawefuwefu. Iwe thupi likukuuza kankha, iwo akuti dikira. Mverani iwo asisi, amafuna khungu litambasuke pang'onopang'ono kuti musang'ambike kwambiri. Ine ndinang'ambikabe pang'ono pa woyamba, anandibaya jakisoni wa dzanzi n'kusoka, ulusi wake unasungunuka wokha. Pokodza masiku oyamba pamatentha, ndimathira madzi ofunda uku ndikukodza nde zimapepuka. Ndipo chimbudzi choyamba mukachira chimaopsa, umaona ngati ulusi uduka, koma suduka, imwani madzi ambiri ndipo musachisunge.

Mayi wa Kamtsikana:
Ndipo ine sindimadziwa kuti ukabereka mwana umaberekanso kachiwiri! Ndangoti ndapuma mwana ali pachifuwa, ndikumva jakisoni pantchafu, kenako akuti mayi kankhaninso pang'ono. Ndinafunsa kuti kodi muli wina? Inali nsapo. Chinthu chachikulu ndithu chofewa, chinatuluka mosapweteka. Koma kutikita pamimba komwe kunatsatira kuja ndiye kunandiliza.

Mzamba Wopuma:
Nsapo imalemera pafupifupi theka la kilogalamu ndipo imatuluka mkati mwa mphindi 30 nthawi zambiri. Jakisoniyo ndi oxytocin, amathandiza chiberekero kukhwinyata kuti mitsempha ya pomwe panali nsapo itsekeke. Timagwira pamimba kuti timve ngati chalimba, chikakhala chofewa timatikita, tikudziwa kuti zimawawa koma n'zimene zimateteza mayi kutaya magazi ambiri. Timaiyang'anitsitsanso nsapoyo ngati yatuluka yonse chifukwa kachidutswa kakatsalira kamabweretsa mavuto.

Wa Siza Kawiri:
Ife a siza tilipo, tisaiwalidwe chifukwa palibe amadziwa kuti zidzathera kuti. Ine ndinakonzekera kubereka ndekha koma mtima wa mwana unayamba kugunda mosakhala bwino nde anandithamangitsira ku fiyeta. Chinandidabwitsa ndi chakuti umakhala maso, akubaya pamsana miyendo imalemera ngati si yako, ululu sumva koma kukoka ndi kukankha umamva konse ngati wina akufufuza m'chikwama chomwe chili pamimba pako. Anandiika kapaipi ka mkodzo. Tsiku lotsatira phewa limandipweteka ine n'kumadabwa kuti phewa likukhudzana bwanji ndi mimba, akuti ndi mpweya wotsalira m'mimba. Amakufunsanso ngati waphwisa ndipo funso limenelo ndi lofunika, amafuna adziwe kuti matumbo adzuka. Komanso ndimaganiza kuti poti ndachitidwa opaleshoni magazi a kumusi sindiona, ayi amatuluka chimodzimodzi. Ndipo amakudzutsa msanga kuti uyende ngakhale bala likuwawa, kuopa magazi kuundana m'miyendo. Chomaliza, wina asadzakuuzeni kuti wa siza sanabereke. Ndinalira nawo mawu amenewo miyezi.

Woyembekezera Koyamba:
Asisi zikomo, za siza ndimaziopa mpaka sindimafuna n'kuziwerenga komwe. Ndifunse china chomwe ndikuchita nacho manyazi. Kodi aliyense amamukonda mwana nthawi yomweyo akangomuona?

Mayi Watsopano:
Funso limeneli ndiyankhe ine chifukwa ndi bala langa. Ayi. Atandiika mwana pachifuwa sindinamve kalikonse, ndinangomva kutopa ndi ludzu ndi njala, ndimamuyang'ana ngati mlendo. Anthu onse akusangalala ine ndikumwetulira mokakamiza mumtima ndikudzifunsa kuti ndine mayi wotani. Sindinauze munthu. Tsiku lachinayi ndinayamba kulira popanda chifukwa, mawere atatupa olimba ngati miyala, usiku thukuta kunyowetsa bedi lonse. Chikondi chinabwera pang'onopang'ono, ndinadzazindikira patapita masabata angapo ndikumuyamwitsa usiku atandigwira chala. Pano ali ndi miyezi 7 ndipo sindingakhale opanda iye.

Make Mapasa:
Asisi mwandiyankhulira. Ndinali ndisanamvepo munthu wina akunena zimenezi poyera.

Mzamba Wopuma:
Amayi ambiri zedi amadutsa mumenemo koma amabisa. Nsapo ikangotuluka mahomoni a mimba amatsika mwadzidzidzi, onjezani kusagona ndi kutopa, ndiye kulira kwa tsiku lachitatu mpaka lachisanu kumagwira amayi oposa theka ndipo kumatha kokha pasanathe masabata awiri. Koma tamverani bwino apa. Zikapitirira masabata awiri, osasangalala ndi chilichonse, osagona ngakhale mwana wagona, kudziona wopanda pake, kapena maganizo odzivulaza kapena kuvulaza mwana, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo, kaonaneni ndi achipatala msanga, si kufooka kwa chikhulupiriro kapena ulesi.

Agogo a Zidzukulu:
Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinabereka asanu ndi mmodzi ndipo chomwe ndiwonjezere ndi cham'mimba chija chobwera mwana akamayamwa. Pa woyamba sindinachimve kwenikweni koma kuyambira wachitatu chimapota ngati matenda ayambiranso, mwana akangogwira bere basi. Chimatha pakapita masiku awiri atatu, ndi chiberekero chikubwerera m'malo. Ndipo mwanawe usadzadandaule ukadzaona mimba ikadali yaikulu ngati muli mwana wina pamene wachira, imaphwa pang'onopang'ono, chiberekero chimatenga masabata 6. Tsitsi nalonso lidzathothoka pakatha miyezi itatu kapena inayi, limameranso. Mkaka woyamba umakhala wochepa wachikasu, usadzautaye ndipo usadzaganize kuti mwana sakukhuta, kamimba kake n'kakang'ono kwambiri masiku amenewo.

Mayi wa Kamtsikana:
Zoona agogo. Ndipo za mwana zina: chimbudzi chake choyamba chimakhala chakuda chomata ngati phula. Sikelo imatsika pang'ono masiku oyamba n'kubwerera pakatha masabata awiri. Wanga timawere tinatupa ndipo tsiku lina ndinapeza timagazi pathewera, ndinathamangira kuchipatala ndikulira, akuti ndi mahomoni anga omwe anatsalira m'thupi mwake, zimachitika kwa ana aakazi ndipo zimatha zokha. Anangondiletsa kufinya timawereto.

Make Atatu:
Nde mwachidule asisi chilichonse chomwe mudzaone ndi nomo, musadzade nkhawa.

Mzamba Wopuma:
Pamenepo pokha ndikukonzeni achemwali, si chilichonse. Ndimaopa kuti wina angawerenge zonsezi n'kukhala pakhomo ndi vuto lenileni akuti zimachitika. Magazi akachira amatuluka inde mpaka masabata 6, amayamba ofiira kenako abulauni kenako otuwa, koma padi ikamadzaza pasanathe ola, kapena zibuma zikuluzikulu zikutuluka, chizungulire, mtima kuthamanga, thamangani. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena tinyenyezi, kupweteka pansi pa nthiti, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kaya musanachire kaya mutachira, imeneyo ikhoza kukhala BP yokwera ndipo imapha. Kutentha thupi, zotuluka kumusi zonunkha, bala lotupa lotuluka mafinya, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kubanika. Mwana m'mimba kuchepetsa kusewera, musamvere zoti akupuma chifukwa masiku ayandikira, mwana amasewera mpaka tsiku lobadwa. Nsengwa kusweka masabata 37 asanakwane, kapena kumva mchombo watsogola kumusi. Ndipo khanda lokana kuyamwa, lopuma movutikira, lotentha kapena lozizira kwambiri, kapena lachikasu tsiku loyamba lomwelo. Zimenezi sitifunsana pafoni, timapita.

Make Atatu:
Mwandikonza bwino amayi, ndinafulumira pakamwa. Asisi lembani zimenezo pamwamba pa kope lanu.

Woyembekezera Koyamba:
Ndalemba zonse, ndawerengeranso amuna anga gawo la abambo lija ndi zizindikiro zoopsazo kuti nawonso adziwe.

Woyembekezera Koyamba:
Amayi anga ndabweranso, pepani ndinasowa. Ndinachira Lachiwiri m'bandakucha, mwana wamwamuna, makilogalamu 3.2, pa masabata 40 ndi masiku anayi. Anandibweza kamodzi ndili pa 2, ndinasanza, ndinanjenjemera, ndipo mawu aja oti "sindingathe" ndinawanena ndithu, koma ndikuwanena chomwecho ndinakumbukira amayi azamba aja n'kudziuza kuti ndiye kuti ndayandikira, patangopita mphindi 40 ndinamumva akulira. Za chimbudzi sindikudziwa ngati zinachitika, sindinafunse ndipo palibe ananena. Anandisoka pang'ono. Lero ndi tsiku lachinayi, m'mawa ndalira ndithu koma amuna anga anangobwera n'kunyamula mwana kuti ndigone chifukwa amadziwa kale. Funso langa pano, mapazi atupa kuposa mmene analiri ndili ndi mimba, onse awiri, mutu sukupweteka ndipo ndikuona bwinobwino. Nazonso zili m'gulu lija?

Mzamba Wopuma:
Ndasangalala kwambiri mwana wanga, wagwira ntchito. Mapazi onse awiri kutupa sabata yoyamba zimachitika, makamaka ngati unalandira dripi, thupi likuchotsa madzi ndipo uona kuti ukukodza kwambiri ndi kutuluka thukuta usiku. Uziwaika pamwamba ukagona, uziyendayenda pang'ono, usasiye kumwa madzi. Koma ukapita kukaonedwa sabata ino uwauze akuyeze BP, ndipo mutu ukayamba kapena mwendo umodzi ukatupa kuposa unzake usadikire tsikulo. Nanga mnyamatayo akuyamwa bwino? Wanyowetsa matewera angati chiyambire dzulo?